Mmene mungachepetsere utsi, chuku ndi poizoni wina amene thupi limasenza tsiku ndi tsiku mu Lusaka

Thupi la munthu lili nazo kale ziwalo zochotsa zoipa, ndipo zimagwira ntchito usana ndi usiku popanda wozikumbutsa. Chiwindi chimaphwanya mowa, mankhwala ndi poizoni amene walowa m'magazi, impso zimasefa magaziwo n'kutaya zotsalira kudzera mu mkodzo, pamene mapapo amakankhira fumbi kunja pamodzi ndi makhololo. Ziwalo zimenezi zimatopa chifukwa cha kuchuluka kwa zimene timazisenzetsa, ndipo tiyi wotsuka m'thupi amene amatsatsidwa pa Facebook ndi pa WhatsApp sazipeputsa, poti ambiri mwa matiyi amenewo amangotsegula m'mimba ndi kutha madzi m'thupi. Chothandiza ndi kutseka njira zimene zoipazo zimalowera. Malangizo otsatirawa ayamba ndi chimene chingaphe banja usiku umodzi, n'kumatsikira ku zimene zimadya munthu pang'onopang'ono kwa zaka, choncho atsateni mwa dongosolo lomweli, ndipo musadzikakamize kusintha zonse m'sabata imodzi.

Choyamba: mbaula isagone m'nyumba

Chilala cha mu 2024 chitachepetsa madzi m'damu la Kariba, magetsi anayamba kuzima maola ambiri patsiku, ndipo mbaula inabwerera ngakhale m'nyumba za ku Woodlands ndi ku Kabulonga zimene zinali zitaiwala mtengo wa thumba la malasha. Ku Kanyama, ku Matero, ku Mtendere ndi ku Chawama mbaula sinachokeko n'komwe. Malasha akamayaka amatulutsa mpweya wa carbon monoxide, umene ulibe fungo kapena maonekedwe, ndipo ukalowa m'magazi umalanda malo a okosijeni, chifukwa umakakamira m'magazimo mwamphamvu yoposa ya okosijeniyo kuwirikiza ka 200. Munthu amayamba kumva mutu, chizungulire, nseru ndi kulefuka kwa miyendo, kenaka amagwidwa ndi tulo, ndipo ena sadzukanso.

Ambiri amakhulupirira kuti malasha akayaka psuu, utsi n'kutha, ndiye kuti mbaula ikhoza kulowa m'chipinda. Uku ndi kudzinamiza, chifukwa malasha ofiirawo amapitiriza kutulutsa mpweya wakuphawo mpaka atazimiratu. Yatsirani mbaula panja, phikirani pakhonde kapena pakhomo, ndipo mvula ikakukakamizani kulowa nayo, tsegulani chitseko pamodzi ndi zenera la mbali ina kuti mphepo izidutsa. M'miyezi ya Juni ndi Julayi, pamene kuzizira kumalowa mpaka m'mafupa, otherani moto muli maso, ndipo musanagone itulutseni mbaulayo ngakhale patsale malasha awiri okha. Yang'ananinso timabowo ta mpweya timene tili pamwamba pa khoma: m'nyumba zambiri za lendi tinatsekedwa ndi nsanza kapena manyuzipepala pothawa mphepo ndi udzudzu, koma titseguleni n'kuikapo kansalu ka neti. Jenereta nayo ikhale panja, kutali ndi mazenera.

Poyatsa moto gwiritsani ntchito timitengo touma, zitsononkho kapena mapepala. Chizolowezi chodonthezera pulasitiki yoyaka pa malasha, kapena kudula kachidutswa ka patapata wakutha, chimayatsa moto msanga koma utsi wake wakuda uja umalowa m'mapapo mwa wopemerera ndi mwa mwana amene ali kumbuyo kwake. Mutsitseni mwanayo musanawerame pa mbaula, chifukwa mutu wake umakhala pomwe utsi ukudutsa, ndipo utsi wa m'nyumba umawonjezera ngozi ya chibayo mwa ana aang'ono. Bungwe la World Health Organization linawerengera kuti m'chaka cha 2020 utsi wa m'nyumba unachititsa imfa pafupifupi 3.2 miliyoni padziko lonse. Ngati thumba likulola, sitovu ya gasi ndi yaukhondo kuposa malasha, bola muziyesa paipi yake ndi thovu la sopo kuti muone ngati ikudontha. Ngati silikulola, viikani nyemba usiku wonse ndi kuvundikira mphika pophika, kuti nthawi yokhala pa utsi ifupike. Zinyalala za pulasitiki, matewera ndi matayala musazitenthe pabwalo.

Mukapeza anthu a m'chipinda chimodzi onse akudandaula mutu kapena akuvuta kudzuka, tsegulani zitseko, atulutseni panja ndi kuthamangira nawo kuchipatala ngakhale atatsitsimuka, popeza mpweyawu ukhoza kuvulaza ubongo ndi mtima mosaonekera tsiku lomwelo.

Chachiwiri: madzi akumwa

Mzinda wa Lusaka unakhala pa thanthwe la miyala ya laimu lokhala ndi ming'alu ndi mapanga, ndipo m'madera ngati Kanyama ndi Misisi madzi a pansi ali pafupi kwambiri. Mvula ikagwa, zimene zili m'chimbudzi chokumba zimayenda m'ming'alumo n'kukafika m'chitsime cha mnansi, madziwo akuonekabe oyera mbee. Kolera amene anabuka mu Okutobala 2023 anapha anthu oposa 700 m'dziko muno, anachedwetsa kutsegulira sukulu, ndipo bwalo la National Heroes Stadium linasanduka chipatala.

Yambani ndi gwero. Madzi akumwa ndi ophikira atungeni pa mpope kapena pa kiyosiki, ndipo a pachitsime chosaya akhale ochapira ndi okolopera basi. Mukafika nawo kunyumba, thiranimo klorini pa mlingo umene walembedwa pa botolo, khutchumulani chigubu, ndipo dikirani mphindi 30 musanamwe. Ngati madziwo ndi amatope, adikheni kaye n'kuwasefa ndi nsalu yoyera, chifukwa dothi limafooketsa klorini. Amene alibe klorini awiritse madziwo mpaka abwate kwa mphindi imodzi yathunthu. Dziwani kuti klorini ndi moto zimapha tizilombo tokha: mchere wa nitrate wochokera m'zimbudzi, umene ndi woopsa kwa makanda, suchoka powiritsa, ndipo n'chifukwa chake mkaka wa m'chitini wa mwana suyenera kusungunulidwa ndi madzi a pachitsime chosaya, ngakhale owiritsa.

Sungani madzi m'chigubu cha kukamwa kochepa chokhala ndi chotsekera, ndipo muzithira, osati kuviikamo kapu imene yagwiridwa ndi manja a nyumba yonse. Chigubu chimene munakhalapo mankhwala a m'munda, oyilo kapena parafini chisasungepo madzi, kaya mwachitsuka kangati. Koma zoyera zimene zimamatirira pansi pa ketulo musaziope. Ndi laimu wa thanthwe lija, ndipo viniga amazisungunula.

Chachitatu: chuku cha m'chimanga ndi mtedza

Pano ndi pamene ndikufuna kukhalitsa, chifukwa nsima ndi ndiwo zotendera timadya pafupifupi tsiku lililonse. Chimanga ndi mtedza zikavutika ndi chilala m'munda, zikabooledwa ndi tizilombo, kapena zikasungidwa zisanaume, zimagwidwa ndi chuku chotchedwa Aspergillus, chimene chimatulutsa poizoni wa aflatoxin. Poizoni ameneyu satha pophika kapena pokazinga. Akalowa wambiri nthawi imodzi amawononga chiwindi m'masiku ochepa, monga zinachitikira ku Kenya mu 2004 pamene anthu 125 anamwalira atadya chimanga choipa, ndipo akamalowa pang'onopang'ono kwa zaka amayambitsa khansa ya chiwindi, makamaka mwa munthu amene ali ndi kachilombo ka hepatitis B. Kuno kwathu, mu Ogasiti 2024, nduna ya zaumoyo Elijah Muchima inalengeza kuti agalu pafupifupi 400 anafa atadya chakudya chopangidwa ndi chimanga chokhala ndi poizoniyu, ndipo anapezekanso mu ufa wina umene unayezedwa.

Pogula mtedza ku Soweto kapena pamsika wa kwanu, tapani dzanja limodzi n'kuuyang'ana padzuwa. Wofota, wothyoka, wakuda, wobiriwira m'kati kapena wa fungo la chinyezi usiyeni, ngakhale wogulitsa atsitse mtengo. Mukafika kunyumba, utsanulireni pa lichero n'kuusankha njere imodziimodzi, popeza poizoni wochuluka amakhala mu njere zochepa zoipazo, ndipo kusankha kumachotsa gawo lalikulu. Njere yowawa mukaitafuna ilavuleni. Nsinjiro ndi chiponde ndi bwino kuzikonza nokha kuchokera ku mtedza umene mwasankha, chifukwa mtedza ukasinjidwa palibenso amene angadziwe kuti unali wotani, ndipo wogulitsa wosakhulupirika amasinja umene unakanika kugulidwa. Phala la mwana lothira nsinjiro lifunika chisamaliro chimenechi koposa, poti kathupi kake ndi kakang'ono ndipo amadya phala lomwelo tsiku lililonse.

Chimanga chimene achibale atumiza kuchokera ku Chipata, ku Katete kapena ku Petauke chiyeseni musanachisunge. Ikani njere zodzaza dzanja m'botolo lagalasi louma, thiranimo mchere wouma, tsekani n'kukhutchumula, ndipo pakapita mphindi zingapo mchere ukamatirira m'mbali mwa botolo, ndiye kuti chimangacho chikadali ndi chinyezi. Chiyanikeni pa tenti kapena pa mphasa, osati pa dothi. Matumba akhale pa matabwa, osagunda simenti kapena khoma. Ufa wogula muuone tsiku lothera, muununkhize, ndipo wochita mibulu kapena wowawa musauphike. Zimene mwasankhazo zikwirireni: musazipatse nkhuku kapena ng'ombe, chifukwa poizoniyu amadutsa mpaka mu mkaka, ndipo musaziphikire thobwa kapena mowa poganiza kuti chimera chibisa.

Chachinayi: mankhwala ophera tizilombo ndi otsukira

Timapiritsi totuwa totetezera chimanga ku anankafumbwe, ta aluminium phosphide, tikakumana ndi chinyezi timatulutsa mpweya wakupha umene umadutsa m'thumba ndi pansi pa chitseko. Tisagwiritsidwe ntchito m'nyumba imene anthu amagonamo. Matumba osalowa mpweya, okhala ndi mapulasitiki m'kati, amapha anankafumbwe popanda mankhwala alionse, ndipo kwa banja la m'tauni losunga matumba awiri kapena atatu ndiwo njira yabwino koposa.

Mankhwala a nsikidzi, mphemvu ndi makoswe amene amagulitsidwa m'timabotolo topanda dzina kawirikawiri amakhala a m'munda, ndipo sanapangidwe kuti apoperedwe pa matiresi. Nsikidzi zimafa ndi madzi otentha, dzuwa ndi kumata ming'alu. Mukapopera mankhwala ovomerezeka, vundikirani chakudya, tulutsani ana, ndipo mutsegule mazenera musanalowenso. Polimbana ndi udzudzu, neti imaposa koyilo yofuka usiku wonse pafupi ndi mphuno. Repu, kabichi ndi tomato zitsukeni pa madzi oyera othiridwa kuchokera pamwamba, mukupukuta tomato ndi zala kuti ufa woyera wa mankhwala uchoke, ndipo masamba akunja a kabichi muwataye. Ngati muli ndi dimba kuseri kwa nyumba, dikirani masiku onse amene alembedwa pa botolo musanathyole ndiwo zopopera.

Jik asasakanizidwe ndi mankhwala otsukira chimbudzi kapena viniga, chifukwa pamatuluka mpweya wa klorini umene umawotcha mapapo. Parafini ndi mankhwala zisaikidwe m'botolo la zakumwa. Mwana akamwa parafini musamusanzitse kapena kumumwetsa mkaka kapena saladi. Pitani naye kuchipatala mutanyamula botololo.

Chachisanu: miphika, pulasitiki ndi mtovu

Mgodi wa mtovu wa ku Kabwe unatsekedwa mu 1994, koma fumbi la mtovu likuvulazabe ubongo wa ana m'madera oyandikana nawo. Mu Lusaka mtovu umabwera mwa njira zina: penti wakale wosupuka, mabatire a galimoto amene amaphwanyidwa kuseri kwa nyumba, ndi miphika ina yosungunula kuchokera ku zitsulo zakale za injini. Palibe mlingo wa mtovu umene ndi wabwino kwa mwana. Ngati mumagwira ntchito ya mabatire, ya penti kapena yowotcherera, vulani zovala zantchito ndi kusamba musananyamule ana, ndipo zovalazo zichapidwe pazokha. Pansi kolopani ndi nsalu yonyowa m'malo mosesa fumbi louma, makamaka kuyambira mu Ogasiti mpaka mu Okutobala, ndipo ana asambe m'manja asanadye. Mphika wosungunula musasiyemo ndiwo za tomato kapena zowawasa usiku wonse, ndipo pamene mukugula wina sankhani wachitsulo chosachita dzimbiri.

Nsima, tiyi kapena tchipisi zotentha zisaikidwe m'kapulasitiki kopyapyala, ndipo povundikira mbatata kapena chimanga chophika gwiritsani ntchito makoko kapena mbale, osati jumbo. Saladi wokazingira vitumbuwa akada, akachita thovu kapena akayamba kufuka msanga, wafika potayidwa. Nyama yowotcha idyeni yopsa bwino koma mbali zopserera zakuda zichotseni, ndipo polony ndi masoseji zikhale za apo ndi apo, chifukwa mu 2015 bungwe lofufuza za khansa la World Health Organization linaika nyama zoterezi m'gulu la zinthu zoyambitsa khansa ya m'matumbo.

Chachisanu ndi chimodzi: mchere, shuga, mowa ndi fodya

Munthu wamkulu asapitirire magalamu 5 a mchere patsiku, amene ndi pafupifupi supuni yaing'ono imodzi, kuwerengera ndi umene uli kale mu kapenta, buledi ndi timakyubu tokometsera ndiwo. Viikani kapenta wamchere m'madzi musanaphike, chotsani mchere patebulo, ndipo mukathira kyubu musathirenso mchere. Chepetsani pang'onopang'ono osalengeza, chifukwa lilime limazolowera m'masabata ochepa. Shuga wothira asapitirire masupuni aang'ono 12 patsiku, koma botolo limodzi la kola la 500 ml lili kale ndi masupuni pafupifupi 13, ndipo maheu a m'sitolo nawonso amathiridwa shuga wambiri. Amene amathira masupuni anayi mu tiyi atsike pa atatu mwezi uno, pa awiri mwezi wamawa.

Tujilijili, mowa waukali wa m'timapaketi tapulasitiki, tinaletsedwa mu 2012, pamene Nkandu Luo anali nduna ya maboma aang'ono, koma mowa waukali wotchipa unangosamukira m'timabotolo. Kachasu ndi mowa wosadziwika kumene wachokera alibe mlingo wodziwika wa ukali, ndipo wosakanizidwa ndi methanol umachititsa khungu ngakhale kupha. Ngati mumamwa, khalani ndi masiku angapo pasabata osalawa n'komwe, musamwe ndi njala, ndipo mayi woyembekezera asamwe ngakhale pang'ono. Amene wamwa kwambiri tsiku lililonse kwa nthawi yaitali asasiye mwadzidzidzi payekha, chifukwa akhoza kunjenjemera ndi kukomoka. Apite kuchipatala akamuthandize kusiya. Utsi wa fodya uli ndi mankhwala oposa 7,000, ndipo pafupifupi 70 mwa iwo amayambitsa khansa. Shisha, fodya amene utsi wake umadutsa m'botolo la madzi, sasefedwa ndi madziwo monga achinyamata amanenera, ndipo nsunko nayo ili ndi chikonga chokweza BP. Sankhani tsiku losiyira, uzani a m'nyumba mwanu, ndipo kufikira tsikulo musasutire m'nyumba kapena m'galimoto.

Chachisanu ndi chiwiri: mapiritsi ndi zodzola

Panado ndi wofatsa pa mlingo wake, koma wamkulu asapitirire mapiritsi 8 a 500 mg pa maola 24, ndipo womwa mowa kwambiri kapena wodwala chiwindi ayenera kumwa ochepera pamenepo. Werengani pa paketi ya mankhwala a chimfine, chifukwa ambiri ali ndi paracetamol yemweyo amene ali mu Panado, ndipo munthu amapitirira mlingo osadziwa. Brufen ndi diclofenac, amene onyamula katundu ndi omanga nyumba amameza ngati mtedza pofuna kupha ululu wa msana, amakanda chifu ndi kufooketsa impso akamwedwa masiku ambiri, makamaka mwa wodwala BP kapena shuga. Gulani mankhwala ku famase yovomerezedwa ndi ZAMRA, bungwe la boma loyang'anira mankhwala, osati pa kantemba pamene akhala padzuwa. Mu 2019 chakumwa china chopatsa mphamvu chopangidwa ku Ndola chinaletsedwa chitapezeka ndi sildenafil, mankhwala a mphamvu za abambo kuchipinda, wosalembedwa pa botolo, ndipo zimenezi zikuchenjezeni pa mankhwala a m'mabotolo olonjeza mphamvu za kuchipinda kapena kuchiza matenda khumi nthawi imodzi. Ngati muli pa ma ARV, pa mankhwala a TB, a BP kapena a khunyu, musawasiye pofuna kupumitsa thupi, ndipo musawonjezerepo zitsamba musanafunse amene anakulemberani.

Mafuta oyeretsa khungu kawirikawiri amakhala ndi mercury, hydroquinone kapena ma steroid amphamvu ngati clobetasol. Mercury amawononga impso ndi mitsempha ndipo amafika kwa mwana wa m'mimba, pamene steroid amapyapyalitsa khungu ndi kukweza shuga ndi BP. Amene wadzola steroid thupi lonse kwa miyezi yambiri asiye mothandizidwa ndi dokotala, popeza kusiya mwadzidzidzi kumadwalitsanso.

Chomaliza: tulo, kuyenda ndi kuyezetsa

Gonani maola osachepera 7, foni ili patali ndi pilo, ndipo khofi ndi zakumwa zopatsa mphamvu musamwe madzulo. Yendani mofulumira mphindi 150 pasabata. Kutsika minibasi siteshoni imodzi musanafike n'kokwanira poyambira, ndipo sankhani njira za m'kati m'malo moyenda m'mbali mwa Great East Road kapena Lumumba Road nthawi imene magalimoto athithikana.

Kenaka pitani ku kiliniki ya kwanu, kapena ku zipatala za Chilenje, Matero, Kanyama, Chawama ndi Chipata ya mu Lusaka, mukayezetse BP ndi shuga kamodzi pachaka, chifukwa matenda awiriwa amawononga impso munthu asakumva kupweteka kulikonse. Funsaninso za kuyezetsa hepatitis B, ndipo mukapezeka mulibe, funsani za katemera wake. Popita nyamulani m'kachikwama mapiritsi, zitsamba, matiyi ndi mafuta onse amene mumagwiritsa ntchito, muwaonetse a dokotala kapena a nesi popanda kubisa chilichonse. Maso akachita chikasu, mapazi kapena nkhope zikatupa, mkodzo ukachepa kapena kuchita thovu losatha, kapena chifuwa chikapitirira masabata awiri, musadikire tsiku loyezetsa lija. Pitani sabata yomweyo.